Akulira Ndani mu Boneti?

Sewero la pawailesi

WOFOTOKOZA: Tawuni ya Kafue ili makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, pa msewu waukulu wa T2, ndipo aliyense wofuna malo abwino pa msika wa Soweto amayenera kudutsa pa geti yolipirira ya Shimabala kunja kusanayere. Mmodzi wa anthu otere ndi amake Dalitso, a ku Chipata kwawo. Iwo amapikula nsomba kwa asodzi a ku Chanyanya, m'madambo a mtsinje wa Kafue, n'kuzinyamula pa vaneti yawo, Toyota Hilux D-4D ya dizilo, ya mtundu uja unkatuluka ku Durban pakati pa 2005 ndi 2015.

Kuseri kwa mpanda wawo, mu Kafue Estates momwemo, kumakhala a Banda, a ku Katete. Iwowa anakalambira pa makina a Nitrogen Chemicals of Zambia, fakitale ya feteleza yomwe inayamba ntchito mu 1970, ndipo atapuma anabwerako ndi bokosi la masipanala komanso chikhulupiriro chakuti palibe chitsulo chozungulira chomwe chingawanamize. Lero ndi m'mawa wa mu Juni, kukuzizira kolowa m'mafupa.

(Tambala alira patali. Chitseko cha galimoto, phwa! Injini iyaka, kenaka: tswi-tswi-tswi-tswi.)

A BANDA: (ali pa zenera) Amake Dalitso! Amake Dalitso inu! Zimitsani chinthucho!

AMAKE DALITSO: Mwauka bwanji, a Banda?

A BANDA: Kuuka amauka amene anagona. Ine kuyambira Epulo tulo ndimangomva kwa anzanga. Folo koloko iliyonse, tswi-tswi-tswi! Ngakhale sitima yodutsa pa mlatho wa 1906 uja ili ndi ulemu, imaliza kamodzi n'kumapita.

AMAKE DALITSO: Sitimayo kumbuyo kwake kuli boma. Ine kumbuyo kwanga kuli ana anayi ndi nsomba zomwe sizidikira munthu.

A BANDA: Nsombazo nazonso ndili nazo mlandu. Fungo lake lija...

AMAKE DALITSO: Fungo munakalinena kale kwa a tcheyamani, ndipo ndinamva. Tsopano motoka imatsukidwa sabata iliyonse ndi makina amphamvu aja, kumbuyo, pansi, mpaka mu injini momwe. Mukufunanso chiyani?

A BANDA: Pamenepo ndiye munachita bwino. Ukhondo ndi wofunika. Tsopano chotsani phokosoli.

AMAKE DALITSO: Inu muchotse kaye nthambi ya mango wanu. Disembala yense usiku, gu! gu! pa malata anga. Ndinabwerapo pa zenera lanu kudzafuula?

A BANDA: Mangowo amatola ndani m'mawa mwake? Si Dalitso?

AMAKE DALITSO: Amatola malipiro a malata.

(Geti ya waya ikwekwereza. Masilipasi, phatha, phatha.)

A BANDA: Tsegulani boneti.

AMAKE DALITSO: Mwabwera ndi chovala chogona nacho, atate? Anthu akationa adzati chiyani?

A BANDA: Adzati a Banda apulumutsa Estates yonse. Dalitso, mwana wanga, zimitsa injini, kiyi uike m'thumba. Palibe munthu wolowetsa dzanja muno kiyi ili pa malo pake.

(Injini izima. Boneti, khwaa!)

WOFOTOKOZA: Pa ma Hilux akale, a injini za 3L ndi 5L, munthu akatsegula boneti ankapeza malamba angapo opyapyala, aliyense ndi ntchito yake, ndipo lamba akalefuka ankangomasula bawuti, kukankha alternator ndi chitsulo, n'kumanganso. Pa D-4D zinthu zinasintha. Pali lamba mmodzi wotambalala, wa mizere kumimba, amene amachokera pa pulley yaikulu ya pansi pa injini n'kuyendera alternator, water pump pamodzi ndi fani, komanso makina a aircon. Womukoka kuti akhale wolimba ndi tensioner, kamkono ka sipuling'i kokhala ndi pulley kunsonga. Palinso ma pulley ena opanda katundu, otchedwa idler, omwe ntchito yawo ndi kungolozera lamba njira.

Chilichonse mwa izi chili ndi bearing mkati, ndipo chilichonse chikhoza kulira. Koma poti lamba ndiye amaoneka, mlandu umayambira pa iye.

AMAKE DALITSO: Ndi lamba ameneyu. Masiku ano amagulitsa zabodza. Woyamba ndinagula mu Malichi, atangotsegula usodzi. Anakhala chete masabata awiri, kenaka tswi-tswi. Ndinagula wachiwiri, chimodzimodzi. Lero ndikukagula wachitatu, wodula.

A BANDA: Malamba awiri, nyimbo imodzi, inu osadabwa? Mwana akasintha masukulu awiri koma akulepherabe, mumapitabe kukakalipira a hedi?

AMAKE DALITSO: Dalitso musamulowetse mu nkhani ya motoka.

A BANDA: Sindinatchule munthu. Tandiuzani, imalira nthawi yanji?

AMAKE DALITSO: M'mawa ikangoyaka, ngati anapiye osowa make. Ndikaponda mafuta imafulumira, tswi-tswi-tswi. Ndikafika cha ku Chilanga imachepa, koma siitheratu.

A BANDA: Mukayatsa malaiti onse ndi aircon, imakuwa kwiiii kosalekeza?

AMAKE DALITSO: Iyayi. Kwiiii inachita kamodzi kokha, nditadutsa pa chithaphwi cha ku Chanyanya, n'kusiya yokha.

A BANDA: Chimenecho chinali chithaphwi chabe, lamba ananyowa n'kuterereka. Bweretsani tochi. (Kachete pang'ono) Asa! Choyerachi n'chiyani m'mizeremu?

AMAKE DALITSO: Sopo.

A BANDA: Sopo! Nanga chonyezimirachi?

AMAKE DALITSO: Kandulo. Anandiuza mnyamata wina pa siteshoni.

A BANDA: Nanga chonunkhachi?

AMAKE DALITSO: Mafuta a mabuleki, pang'ono pokha. Anandiuza kondakitala.

A BANDA: Mwangotsala kuthira mchere ndi tomato, amake Dalitso. Lamba amagwira ntchito chifukwa chomata pa chitsulo. Inu mwamupaka zoterera zokhazokha. Amakhala chete masiku awiri, fumbi la njira ya ku Chanyanya n'kumatirira pamenepo. Ameneyu ngakhale akanakhala wosalakwa, mwamupha kale.

AMAKE DALITSO: Koma taonani, alibe mng'alu ngakhale umodzi.

A BANDA: Ming'alu inali ya malamba akale. A masiku ano labala wake ndi wina, amati EPDM, sachedwa kudyeka asanang'ambike n'komwe. Mizere imaphwa, lamba n'kumira m'tingalande ta pulley. Mukamadikira mng'alu mudzadikira mpaka Yesu adzabwere. Koma ine ndamva kale ndili pa bedi. Wolira muno ndi alternator.

AMAKE DALITSO: Mwamva muli pa bedi?

A BANDA: Makutu awa anamvera makina a Nitrogen zaka zambiri. Fakitale yonse ikubangula, ine ndinkadziwa bearing yomwe yadwala ndili ku kantini.

AMAKE DALITSO: Ndiye tipangane. Ikapanda kukhala alternator, nthambi ija mudula lero lomwe.

A BANDA: Chabwino. Akapanda kukhala lamba, bream ziwiri Loweruka lililonse, mwezi wathunthu. Zazikulu, osati tija mumapatsa mphaka.

AMAKE DALITSO: Dalitso, wamva? Ndiwe mboni.

WOFOTOKOZA: Amakanika odziwa ntchito amasiyanitsa malilidwe atatu. Kulira kwa kwiiii kotalika, komwe kumakula injini ikapatsidwa katundu, kumatanthauza kuti lamba akuterereka: mwina tensioner yatopa, mwina lamba watha kapena wadontheredwa oilo. Kulira kwa tswi-tswi kodukiza, kotsata liwiro la injini, kawirikawiri kumabwera pamene pulley ina yapendekeka, lamba n'kumalowa m'tingalande chammbali. Kachitatu ndi gwerere wapansipansi, wachitsulo, ndipo ameneyo si lamba ayi, ndi bearing youma.

Opanga malamba, monga Gates ndi Dayco, amaphunzitsa njira yosafuna ndalama yosiyanitsira zimenezi, njira ya madzi. Injini ikuyenda pang'onopang'ono, munthu amawaza madzi kumimba kwa lamba n'kutchera khutu. Phokoso likakula, vuto ndi kulefuka. Likatha kwa kanthawi n'kubwerera, pali pulley yosayenda mu mzere. Likapanda kusintha, madziwo sanafike pa wodwala, chifukwa wodwalayo ali mkati mwa chitsulo.

A BANDA: Ndipatseni botolo la madzi, mubowole chitsekero ndi msomali. Ndipo chitenje chanucho mangani bwino, muime apo. Fani iyi siidziwa kuti ndinu a mpingo.

AMAKE DALITSO: Inunso pindani mikono ya chogonera chanucho. Sindikufuna kukafotokozera amai a kwanu kuti amuna awo adyedwa ndi Hilux.

A BANDA: Dalitso, liza!

(Injini iyaka. Tswi-tswi-tswi. Madzi, pyoo! Tswi-tswi aleka.)

AMAKE DALITSO: Eyaa! Mwaona? Yatha! Ndinanena ine kuti ndi lamba. Dalitso, katenge chikwanje upatse a Banda!

A BANDA: Dikirani, musavine nyimbo isanayambe. Tcherani khutu.

(Pansi pa kulira kwa injini pamveka gwerere-gwerere. Kenaka tswi... tswi... tswi-tswi-tswi.)

AMAKE DALITSO: Mayo! Yabwereranso. Koma a Banda, pamene inali chete paja ndamva china, chokhulula pansipansi.

A BANDA: Mwamva eti? Olira ndi awiri. Wapamwambayo ndi lamba, akudandaula kuti wina akumuyendetsa chokhota. Wapansiyo ndiye mwini mlandu. Alternator imeneyo.

AMAKE DALITSO: Phokosolo ine ndalimva pakati apa, osati uko.

A BANDA: Inu mumadziwa kulira kwa nsomba, zachitsulo tisiyireni. Ndipatseni screwdriver yaitali ija m'bokosi langa.

AMAKE DALITSO: Mukufuna kumasula injini ikuyenda?

A BANDA: Ndikufuna kumvera. Nsonga ndiika pa thupi la alternator, posazungulira, chogwirira ndiika pa khutu. Chitsulo chimanyamula mawu. Bearing yabwino imati shiii, yakufa imati kho-kho-kho.

AMAKE DALITSO: Ndiye ikuti chiyani?

A BANDA: (Atsokomola) Ikuti... mphepo yachuluka.

AMAKE DALITSO: Ikuti shiii kapena kho-kho?

A BANDA: Nthawi zina matenda amabisala. Ma pulley a pakatiwo sindikafikako, ali pafupi ndi fani, ndipo zala zanga ndikuzifunabe. Dalitso, zimitsa! Tichotse lamba, aliyense ayankhe yekha.

(Injini izima.)

AMAKE DALITSO: Nthawi, a Banda, nthawi! Ayezi akusungunuka, anzanga afika kale pa Shimabala.

A BANDA: Bola ayezi asungunukire pakhomo, kusiyana n'kuti asungunukire pa msewu inu muli pa mwala kudikira wokukokani. Muli ndi pepala? Tijambule kaye njira ya lamba. Ambiri amachotsa mwachangu, pobweza n'kukhala mpaka masana akukangana ndi ma pulley.

AMAKE DALITSO: Dalitso ajambula ndi foni.

A BANDA: Foni imatha moto. Lembani pa katoni iyo. Tsopano sipanala. Ha! Iyi si yanga iyi? Ija munabwereka chaka chatha?

AMAKE DALITSO: Inali kukudikirani. Lero yakumana ndi mwini wake.

A BANDA: (Abuula pokoka) Taonani kamkono ka tensioner. Ndikakakoka kakulimbana nane, ndikakabweza pang'onopang'ono kakubwerera kosadodoma. Sipuling'i ikadali ndi moyo. Kakanakhala kolobodoka kapena kogwiragwira, tikanachotsa tensioner yonse. Lamba uyo, gwirani. Werengani zolembedwa pamsana pake.

AMAKE DALITSO: 7PK1516.

A BANDA: Mizere 7, kutalika mamilimita 1516. Ndi saizi yake, sanakunamizeni. Pogula muzitchula nambala imeneyo, osati kungoti ndipatseni fanibeluti ya Hilux. Dalitso, lizanso, koma ndikakweza dzanja uzimitse msanga.

AMAKE DALITSO: Popanda lamba? Mufuna kundiphera motoka chifukwa cha mango?

A BANDA: Kwa kamphindi chabe, injini ikadali yozizira. Water pump siizungulira, choncho sitichedwetsa. Nyali ya batire iyaka, musachite mantha.

(Injini iyaka, ilira bwinobwino popanda tswi-tswi ngakhale gwerere. Izima.)

AMAKE DALITSO: Zii! Bwanji osangoyenda choncho?

A BANDA: Mungafike pa Shimabala injini itaphika nsima. Koma pamenepa thokozani Mulungu. Phokoso likanatsala lamba titachotsa, ndiye kuti lili mkati, ku timing belt.

WOFOTOKOZA: Apa a Banda ananena zoona. Injini za D-4D za zaka zimenezo, 2KD ya malita 2.5 ndi 1KD ya malita 3.0, zili ndi lamba wachiwiri wobisika kuseri kwa chivundikiro, wa mano, amene amayendetsa ma valve. Ameneyu Toyota imati asinthidwe pa makilomita 150,000, ndipo nthawi ikakwana pa dashibodi pamayaka nyali yolembedwa T-BELT. Lamba wakunja akaduka munthu amangoimika galimoto. Wamkatiyo akaduka ma pistoni amatha kuwombana ndi ma valve, ndipo ndalama yake imakhala ya injini. Ma Hilux otsatira, a injini za GD, anabwera ndi tcheni m'malo mwake.

Kuyatsa injini popanda lamba wakunja kumagawa mlandu pawiri m'masekondi ochepa. Kwa amake Dalitso wolakwa anali panja, pamalo pofika dzanja.

A BANDA: Kiyi m'thumba, Dalitso. Tsopano bwalo lakhala. Tiyamba ndi alternator, kuti nkhani ithe msanga mukatenge nsomba zanga.

(Pulley izungulira, fyuu, mosalala.)

AMAKE DALITSO: Sindinamve kho-kho.

A BANDA: Dikirani. Pulley ya alternator iyi ili ndi kaklatchi mkati, kamagwira mbali imodzi, mbali inayo kamalekerera. Ndikaizungulitsa mwachangu n'kuigwira mwadzidzidzi, zamkati ziyenera kupitirira zokha pang'ono. Kaklatchiko kakauma, lamba amadumphadumpha n'kumalira. Taonani tsopano, muona kuti kauma.

(Fyuu. Kenaka shiii wa zamkati zikupitirira.)

AMAKE DALITSO: Zapitirira.

A BANDA: Ndaona.

AMAKE DALITSO: Ndimati mwina simunaone, poti kuli mdima. Dalitso, unikira a Banda kumaso.

A BANDA: Unikira ku injini, iwe! Water pump. Ndigwira fani, ndigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo. Siikugwedera. Pansi pake pali kabowo. Pakanakhala madontho kapena zoyera zouma, tikanadziwa kuti yayamba kutaya madzi. Pouma.  Pulley ya aircon, chete.

AMAKE DALITSO: Nanga yaikulu yapansiyo?

A BANDA: Imeneyo siizungulira ndi dzanja, ili pa crankshaft. Koma ndi zitsulo ziwiri, pakati pali labala. Labalayo akang'ambika, chakunja chimatsetsereka. Unikira apo. Akuoneka wamoyo. Muli ndi choko? Tilemba mzere umodzi kudutsa zitsulo zonse ziwiri. Mukadzayenda masiku angapo mudzayang'ane. Mzere ukadzaduka pakati, ndiye kuti nayo yayamba.

AMAKE DALITSO: Pendani patali, ndigwire kaja ndinanena ine, kapakatika.

A BANDA: Kameneko ndi idler chabe, sikanyamula kanthu.

(Pulley izungulira: gwerererere, nthawi yaitali.)

AMAKE DALITSO: A Banda.

A BANDA: Ndamva.

AMAKE DALITSO: Ndizungulitsenso? Mwina munali ku kantini.

(Gwerererere. Kenaka gwede-gwede.)

A BANDA: Tasiyani ndigwire. Ha! Ikugwedera mbali zonse. Taonani dzimbiri lofiira likutuluka pakati apa. Pulley yamoyo imazungulira mwaulesi pang'ono chifukwa cha girizi, n'kuima msanga, osalankhula. Iyi ikuthamanga yokha chifukwa mkati mulibe kanthu, mwauma gwa. Ikapendekeka, lamba amalowa chokhota pa pulley yotsatira, ndiye tswi-tswi uja. Mukanagula malamba khumi, onse akanaimba nyimbo yomweyo.

AMAKE DALITSO: Kanthu kakang'ono chonchi?

A BANDA: Kakang'ono komweko tsiku lina kakanauma n'kuima nji, lamba n'kupsa kapena kuvuka. Nthawi yomweyo nyali ya batire ngwee, singano ya kutentha n'kumakwera. Woyendetsa wanzeru amaima pomwepo. Wouma mutu amati ndingofika pa Chilanga, n'kuwotcha gasiketi. Tsono ganizani zikuchitikirani pa mapiri a Munali popita ku Mazabuka, kapena potsetsereka ku Chirundu, muli pa khona, kumbuyo kuli lole.

AMAKE DALITSO: Basi, basi, musandilotetse masana. Koma girizi wathawa bwanji? Motoka ndimaisamala ine.

A BANDA: Bearing zimenezi zimabwera zotsekedwa, girizi wake ndi wa moyo wonse. Zimatha ndi ukalamba, fumbi, matope, koma mdani wamkulu ndi madzi. Munthu akaloza paipi yamphamvu ija pa pulley, madzi amaboola chotsekera, girizi n'kutuluka, dzimbiri n'kulowa. Ndi chitsiru chanji chomwe chimatsuka injini ndi...

(Kachete. Tambala alira.)

AMAKE DALITSO: Malizani, atate. Ndi chitsiru chanji?

A BANDA: Ndimati kunja kwacha.

AMAKE DALITSO: Anakanena za fungo kwa a tcheyamani ndani? Anati pamenepo munachita bwino, ukhondo ndi wofunika, ndani? Lero lomwe lino, pa zenera apo?

A BANDA: Ine ndinati mutsuke kumbuyo kokhala nsomba! Kodi bream zimakwera mu injini?

AMAKE DALITSO: Munati motoka yonse ikununkha. Yonse! Ndiye pulley imeneyi mugula ndinu.

A BANDA: Ndigule ine? Ntchito ndagwira ulere, ndi sipanala yanga yomwe munaba, m'chisanu, ndi chovala chogonera! Ndipo nsomba zanga zili pomwepo. Munati ndi lamba, si lamba.

AMAKE DALITSO: Lamba amalira kapena samalira? Mwanena nokha kuti olira ndi awiri. Ndiye theka ndapambana. Inu alternator yanu yati shiii. Chikwanje chili kuseri kwa chitseko.

A BANDA: Alternator ili pa lamba yemweyo. Ndinaphonya nyumba, koma mudzi ndinaulondola.

AMAKE DALITSO: Wopeza wodwala ndani? Dzanja langa ili!

A BANDA: Wochotsa lamba kuti dzanjalo lifike ndani?

AMAKE DALITSO: Dalitso, ndiwe mboni, lankhula! Dalitso? Taonani, wagona pa chiwongolero.

A BANDA: Mwanayu ndiye wanzeru pa nyumba ziwirizi. Mudzutseni akwere minibasi ya ku Lusaka. Atenge pulley yakaleyi m'manja, akayerekeze pa kauntala, asakagule ya maso. Agulenso lamba watsopano, 7PK1516, chifukwa wa sopoyu wapita. Ma idler enawo ndi ya pa tensioner tazigwira zili bwino, koma ndi amsinkhu umodzi, muziwamvera. Akabwera titsuka tingalande tonse ndi burashi, tichotse kandulo wanu, ndipo tiika rula pa ma pulley tione ngati ali mu mzere.

AMAKE DALITSO: Nanga nsomba zanga?

A BANDA: Imbirani alamu anu a Canter aja. Kapena muzisiye kwathu, furiji ilipo.

AMAKE DALITSO: Kwanu? Ndingazipeze minga yokhayokha. Dalitso, dzuka! Ubwere ndi lisiti, a Banda akabweze ndalama.

A BANDA: Ubwere nalo ndithu, mwana wanga, amako alipachike pa khoma!

(Geti ya waya ikwekwereza. Mawu a awiriwa apitirira kukangana mpaka azilala.)

WOFOTOKOZA: Nsomba zinapita ku Soweto pa Canter ya alamu, mochedwa. Dalitso anabwera masana ndi pulley komanso lamba, ndipo a Banda anazimanga dzuwa lisanalowe, akutsatira chithunzi cha pa katoni. Vaneti inayaka popanda tswi-tswi. Nthambi ya mango siinadulidwe, bream sizinaperekedwe, ndipo mlandu wa yemwe anapambana uli kwa a tcheyamani, amene anapempha kuti mbali zonse zibwere ndi umboni, makamaka wa nsombazo.

Kwa inu omvera amene vaneti yanu ikulira m'mawa uno, ku Shikoswe, ku Zambia Compound kapena kwina kulikonse: sopo, kandulo ndi mafuta a mabuleki zisayandikire lamba, ndipo paipi yamphamvu isaloze pa ma pulley. Mverani kaye malilidwe ake, yesani madzi muli patali ndi fani, kenaka zimitsani injini, chotsani kiyi ndi lamba, mugwire pulley iliyonse ndi dzanja. Yogwedera kapena yokhulula muisinthe tsiku lomwelo, musananyamule katundu.